Tsiku limene mbuya anasiya kutitukwana

Mwamuna wanga ali ndi mtima wapachala, ndipo anzake onse ku Kafue kuno anawatha mmodzimmodzi. Anatsala naye mmodzi yekha, Mbemba wowotcherera zitsulo kuseri kwa msika. Ife a kum'mawa ndi Abemba timatchulana mbuya. Mbuya amakutukwana pamaso, ngakhale pamaliro, ndipo mwambo sulola kuti ukwiye. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake ubwenziwo unakhalitsa, ndipo ine ndinkausamala ngati dzira.

Chaka chatha bawuti inathyokera m'kati mwa injini ya chigayo chathu. Mwamuna wanga anali ataimanga mopitiriza, monga amachitira ndi chilichonse. Mmawa wonse analimbana ndi chidutswacho, kuchikhoma ndi nyundo, kuchitokosa, kuchitemberera. Nyundo inaphonya n'kumuphwanya chala, chikhadabo n'kulendewera. Amayi amene anabwera ndi chimanga anasenza matumba awo n'kumapita. Ine ndi amene ndinaitana mbuya.

Anafika akuseka. Anaika nati pamwamba pa chidutswacho n'kuiwotcherera, kenako anakhala pa thumba la gaga kudikira kuti chitsulo chizizire. Ukafulumira kupotokola, nati imadukanso. Kudikirako ndi kumene kunatipweteketsa, chifukwa pakamwa pake panalibe chochita china.

"Ba mulamu," anatero akuyang'ana ine, "aba bamuna banu muzibapasako nyama. Mbeba zabasiliza nzelu. Manje onani, bauti imozi chabe yabalilisa."

Ndinaseka. Abemba amatiseka kuti timadya mbewa, ife n'kumawaseka kuti amadya anyani, ndipo mawu omwewo anali atawanenapo kambirimbiri.

Sipanala imene inali m'manja mwa mwamuna wanga sindinaione ikunyamuka. Ndinangomva phokoso, ngati munthu waponda chigoba cha nkhono. Mbuya anagwa chagada, mwamuna wanga n'kumukhalira pachifuwa, kumuponya zibakera ndi dzanja lovulala lomwelo, magazi a awiriwo akusakanikirana ndi ufa wa pansi. Ndinamukoka kolala, osatheka. Ndinamuluma paphewa, osamva. Ndinatola lamba wakale wa chigayo n'kumukwapula kumsana mpaka anamusiya. Nthawi imeneyo ndinadana naye mwamuna wanga, ndipo sindibisa.

Mbuya anadzuka pang'onopang'ono n'kulavula dzino. Ndinkayembekezera kuti athamangira kupolisi, kapena atukwana mtundu wathu wonse, ndipo mumtima ndinkapempha kuti atukwane. Iye anatola sipanala yomweyo, anaikoleka pa nati, anagwedeza uku ndi uku, chidutswa chija n'kuyamba kutuluka chikulira. Anachiika patebulo, anakulunga mawaya ake, anapukuta pakamwa ndi malaya.

"Nasiliza, ba bosi," anauza mwamuna wanga, atagwira chipewa m'manja. "Musale bwino."

Chigayo chikugaya mpaka lero. Tikakumana naye pamsika amaima, amatipatsa moni waulemu, amafunsa za ana. Mwamuna wanga nthawi zina amayamba dala, amamufunsa ngati anyani akadali kupezeka m'poto mwake. Mbuya amangomwetulira ndi mpata wa dzino lija n'kuyankha kuti, "Tili bwino, ba bosi."