Chimanga cha Kuseri kwa Tchalitchi

A mkulu wa mpingo wa Amalawi ku Scarborough, kutsidya kwa nyanja, amaipidwa akaona zopereka za masika zili m'zitini. "Chauta sapatsidwa zogula m'sitolo," amatero. Chaka chilichonse amadzala chimanga chamakolo kuseri kwa tchalitchi. Chimatalika kuposa munthu, koma chisanu cha kuno chimachipeza chisanakhwime.

Mu 1996 anadzala mbewu yonse imene inatsala. Tsiku la masika, anzawo akuyala zitini za nyemba kuguwa, iwo anali panja akusenda chimanga chimodzichimodzi, osapezamo njere ndi imodzi yomwe. Abusa anawalondola.

"Bambo, mapemphero akuyamba."

"Yambani, abusa, ine ndilibe cholowa nacho. Mbewu imeneyi malemu akazi anga ndiwo anabwera nayo kuchokera ku Ntcheu, ndipo yathera pano."