Majombo Ofiira Pakhonde pa a Eilif

Akuti mayi Gunvor, akazi a Torleif, adali atayamba chibwenzi ndi a Eilif a nyumba yoyandikana nayo. Akuti. Palibe adawagwira, koma majombo awo ofiira tonse tinkawaona ataima pakhonde pa a Eilif masana aliwonse chiyambireni kuzizira. Kuno munthu salowa m'nyumba ya eni ndi nsapato, ndiye wodutsa pamsewu amadziwiratu amene ali m'kati. Kaya, koma zaka makumi asanu ndi awiri si manda. Nkhalamba nayonso ili ndi magazi.

A Torleif adagwira ntchito ya injini zaka 38 pa sitima yowolotsa magalimoto kupita kutsidya. M'nyumba mwawo mmisiri sadalowemo chikhalire. Denga, mipope, masitepe, zonse manja awo, ndipo ukapita kukamwa khofi ankakuyendetsa chipinda ndi chipinda mpaka khofiyo kuzizira. A Eilif adali mphunzitsi wopuma, akazi awo adamwalira, manja ofewa ngati buledi. A Torleif ankati munthu ameneyo akagwira hamala chala ndiye chimayamba kupemphera.

Ndiye tamvani. Mphunzitsi yemweyo m'chilimwe adayala yekha matailosi m'khitchini mwake, pansi pake ataika waya wamagetsi wotenthetsa. Yekha, akuwerenga kabuku.

Mayi Gunvor akabwerako ankangoti pansi pa a Eilif mpofunda ngati pamimba pa galu, ndipo mizere ya matailosi njowongoka ngati adachita kujambula. A Torleif sankadziwa chimene chikuwalasa kwambiri, za chibwenzi zimene adamva kugolosale kapena mizere yowongokayo. Tsiku lina adafunsa ngati kumeneko amakangoona pansi pokha. Mayiwo adayankha kuti pa msinkhu uno chotsala choona n'chiyaninso.

M'mawa mwake a Torleif adapita kutawuni n'kubwerako galimoto itafwasa kumbuyo ndi matailosi, simenti yomatira ndi mpukutu wa waya. Adakanganula kapeti wapulasitiki amene adayala chaka chimene ana adachoka pakhomo. Waya adamuyala mokhotakhota ngati njoka yaulesi, kuthira simenti yosalaza, kenako masiku asanu ndi anayi ali chogwada, levulo m'manja, tailosi ndi tailosi. Mawondo ankalira ngati chitseko chakale. Choipa chake, popeza kunyumba kudalibe khitchini, majombo ofiira adayamba kupita kwa a Eilif msanga kuposa kale.

Tisawanamizire, ntchito idatuluka bwino. Koma pa thumba la simenti padalembedwa kuti magetsi asayatsidwe mpaka patapita masabata anayi, kuti ziume pazokha. A Torleif adati mapepala ndi a aphunzitsi. Tsiku lachitatu adasuzumira pawindo, adaona majombo aja pakhonde paja, chipale chofewa chitawaunjikira pamwamba kusonyeza kuti afika kale. Adapotokola switchi mpaka kumapeto.

Sabata isadathe matailosi ankamveka ngati ng'oma ukawaponda. Mng'alu udayenda kuchokera pachitofu mpaka pakhomo, matailosi atatu adadzuka okha.

"Munayatsa?" adafunsa mayi Gunvor.

"Ndinangoyesa."

"Zaka 46 mukungoyesa, mdala inu."

Mawu amenewo adagona nawo masiku awiri. Tsiku lachitatu lake, 2 koloko masana, adavala jekete lawo la kutchalitchi n'kuwoloka mpanda. Akawafunsa akati abwera kudzabwereka makina odulira matailosi, ngakhale awo adali m'galaja. Sadagogode. Koma ngakhale munthu wopita kukagwira akazi ake amavula nsapato. Adaziika pambali pa majombo ofiira n'kulowa monyang'ama, chala chachikulu chitatulukira pachibowo cha sokosi.

Atangoponda m'khitchini kutentha kudakwera m'mapazi mpaka m'mawondo otupa aja. Kudali kokoma, ndipo zimenezo zidawakwiyitsa koposa. Maso adathamangira pansi kufuna tailosi lopendekeka. Padalibe.

Mayi Gunvor adali atakhala pansi penipeni, atatambasula miyendo, opanda masokosi, akuluka juzi, mphaka wa a Eilif ali pamiyendo. Patebulo padali kapu imodzi.

"Ali kuti mphunzitsi wanuyo?"

"Kasuzumireni pansi pa bedi, mwina mumupeza."

A Torleif adapitadi. Adatsegula kuchipinda, kubafa, ngakhale kakabati ka matsache. Pobwerera adapeza mayiwo atasendeza kuwasiyira malo. Mayiwo adawauza kuti nyamakazi ya m'mapazi yakhala ikuwasautsa zaka zitatu, ndipo nthawi zonse akadandaula ankangouzidwa kuti avale masokosi awiri. Abambowo adati iwo kwa eni sakhala pansi. Adaima pang'ono, kenako adakhala, n'kuvula sokosi yobooka ija.

A Eilif masana onsewo sankakhala pakhomo. Ankakwera sitima ya 11 koloko kupita kutsidya kwa mayi Solfrid, amene akukwatirana nawo mwezi wa Juni, n'kubwerera madzulo. A Eilif adangowasiyira mayi Gunvor kiyi kuti azidyetsa mphaka. Chibwenzi padalibe.