Vidiyo ya bambo inangotulutsa mawu okha

Amwene, tayambani mwakhala pansi, mafoniwo muike kaye m'matumba. Inde ndikudziwa, wonenayo ndine amene ndimadya foni ili kumanja, koma iyi yokha mundimvere.

Bambo anga anali munthu wa gule wa tchopa. Ng'oma zikangolira cha kumunsi kwa phiri la Michesi, khasu ankalisiya m'munda momwemo, basi ulendo. Chikwama chawo chovinira, chija cha zikopa chonunkha utsi, mpaka lero chili pa msomali kuchipinda. Chaka chawo chomaliza, akudwaladwala kale, anawolokera ku Mozambique kwa abale awo kukakhala nawo pa gule. Pobwera anawauza amayi kuti, "Ndavina, mayi, fumbi mpaka m'mitengo." Sipanatenge nthawi, anatisiya. Ndiye amayi aliyense wobwera kudzapepesa ankamuuza zomwezo: amuna anga anapita atavina.

Tsono inafika nthawi yovundukula chiliza chawo. Ine pokhala wa mafoni wa pabanja, ndinati anthu akachoka kumanda ndidzawaonetsa masilaidi, zithunzi za bambo pakhoma. Palibe anandiphunzitsa, ndinangoonera pa intaneti mpaka bando kutha. Laputopu ndinabwereka kwa mnzanga wina woika nyimbo m'mamemori pa boma, pulojekita tinapempha kutchalitchi. Zithunzi za mu alubamu ndinkazijambula ndi foni chimodzichimodzi: bambo ali pa njinga yawo yakale, bambo atanyamula mtolo wa nandolo, bambo pa ukwati atavala jekete yobwereka yolekeza m'zigongono.

Kutatsala tsiku limodzi, anafika msuweni wanga wa ku Mozambique. Pocheza anangotchula kuti pa gule uja anawajambula bambo vidiyo, foniyo inagwera mumtsinje koma memori anaipulumutsa. Eee, ine kulumpha! Ndinamulanda kamemoriko. Anati, "Achimwene, dikirani kaye," koma ine ndinali nditafika kale kuseri kwa nkhokwe.

Kuika mufoni mwanga, mawu akumveka, chithunzi bii. Ndinati aaa, kafoni kangaka n'kotchipa, laputopu ndi chinthu chachikulu, ionetsa basi. Ndinaiponya vidiyoyo pa silaidi yomaliza, n'kuoneka kabokosi kakuda. Ndisanadine, batire thii, ndipo magetsi kwathu mukudziwa kale. Jenereta inali yobwera mawa lake. Komabe ndinapita kwa amayi.

"Amayi, mawa muwaona bambo akuvina."

"Iwe, usandinamize."

"Zoona amayi, pakhoma, aakulu ngati chitseko."

Amayi anangolowa m'nyumba n'kukatulutsa chitenje chawo chosungira.

Mawa lake masana, titachoka kumanda, tinadzaza m'tchalitchi. Azimayi anavula zitenje zapamwamba n'kutchinga mawindo kuti mude. Zithunzi zinkayenda bwinobwino, anthu kuseka jekete ija, ena kupukuta misozi. Kenako silaidi yomaliza. Ndinadina. Khoma lonse bii! Koma m'sipika, ng'oma. Kenako mawu a bambo, aja okhuthala aja, akutsogolera nyimbo m'Chilomwe.

Ndinadinanso, kudinanso, thukuta kamukamu. Azakhali anga ali kumbuyo anakuwa, "Iwe wa mafoni, bambo ako wawabisa kuti?" Anthu kuseka. Ndinati ndiimitse ndiyambirenso, koma azimayi achikulire a ku Mozambique, amene anabwera ndi msuweni uja, anali atayamba kale kuvomera nyimbo ija. Amayi anandigwira dzanja.

"Asiye aimbe. Ine ndikuwaona."

Anaimirira, n'kuyamba kuvina atayang'ana khoma lakudalo. Tchalitchi chonse chinadzuka. Amwene, tsiku limene lija ndimalisowa. Msuweni wanga yekha ndi amene anangokhala, maso ali pansi.

Anthu atabalalika nkhaniyi inandikhala pamtima. Ndinakwera kabaza kupita pa boma pomwe netiweki imagwira, ndinakhala pakhonde la sitolo n'kufufuza. Ndi pamene ndinadziwa kuti mavidiyo ali ndi mitundu. Foni ya msuweni wanga inkasunga mwa mtundu wina umene pulogalamu ya masilaidi ija siutha kuwerenga, imangotola mawu, chithunzi n'kuchisiya. Mankhwala ake n'kuisintha kaye vidiyoyo ikhale ya mtundu wamba, kenako n'kuilowetsanso mu silaidi, ndiponso kuiyesa pa laputopu yomweyo anthu asanabwere. Ndinatsitsa kapulogalamu kosinthira, kanazungulira, kanazungulira, kenako ndinadina.

Chithunzi mbee!

Bwalo ladzaza, fumbi lilidi m'mitengo, amuna akuvina zikwama zili kumsana. Koma bambo sali m'bwalomo. Akhala pa mpando m'mbali, bulangete m'miyendo, chikwama chawo atachifungatira pachifuwa. Akuimba, mapewa okha ndi amene akugwedezeka. Penapake akuyesa kudzuka, miyendo ikukana, mchimwene wawo akuwakhazikanso pansi. Iwo akuseka, n'kupitiriza nyimbo.

Ndiye "dikirani kaye" uja anali ameneyu. Ndipo azimayi a ku Mozambique aja analipo pa gulepo, ankadziwa, koma anavina ndi amayi osanena kanthu.

Panopa masilaidi onse akuyenda bwinobwino, ali mufoni muno. Amayi Lamulungu lililonse tikamachokera kutchalitchi amafunsa, "Zija unakonza? Ndikufuna ndione mmene ankapondera." Ine ndimangoti netiweki ikuvuta.

Ndiye amwene, mukanakhala inu, mukanawadinira amayi vidiyoyi, kapena mukanawasiyira khoma lawo lakuda lija?