Galasi la Kamera Landiika Pamodzi ndi Apongozi

Moni nonse, makamaka inu azakhali anga.

Lero a Saidi ojambula anabwera kuno ku Liwaladzi ndi galasi latsopano la kamera, kudzajambula mwana wanga Asiyatu ali m'manja mwa agogo ake, apongozi anga aamuna. Ine mwaulemu ndinakaima patali, kuthandala loyanikira usipa.

A Saidi atandionetsa chithunzicho ndinagwira pakamwa. Galasilo limameza bwalo lonse! Nanenso ndilimo, ndikuseka mano onse pamtunda, chithunzi chimodzi ndi apongozi. Akalipotokola limakokera munthu pafupi, mpaka mamba a nsomba pamkono panga akuoneka.

A Saidi anafunsa ngati andidulemo. Apongozi anangoti, "Kamera sidziwa mwambo. Asiyeni amake mwana."

Chibadwire cha Asiyatu ndinalibe chithunzi naye. Azakhali, kodi ndikachipachika pabalaza ndilakwa?