Mwana amene ndinamuyeza pa foni

Tsiku limene ndinaganiza zopita ku Joni ndinali m'munda wa tiyi, dengu kumsana, mvula ikundikwapula. Bambo a Estere anali atamwalira, ndipo Estereyo, mwana wanga yekhayo, anali atangosankhidwa kupita ku sekondale. Ndinayang'ana masamba a m'dengumo, n'kuyang'ananso zala zanga zong'aluka, ndipo ndinaona kuti dengu limeneli silingaphunzitse mwana. Mwezi usanathe ndinamusiya kwa achimwene anga, a Benati, ku Thuchila, ine n'kukwera basi.

Sindinama, chaka choyamba chinandisautsa. Ndinkachapira anthu, kugona asanu m'chipinda chimodzi, kuzemba apolisi chifukwa mapepala anali atatha. Lamulungu ndiye linkapweteka kwambiri, poti kunalibe ntchito yondiiwalitsa kwathu. Kenako ndinapeza malo osesa m'sitolo ya mankhwala achitchaina. Eni ake anali a Cheni, dokotala wa mizu ndi masingano, bambo wamfupi wosachedwa kupsa mtima. Ataona kuti muzu ndikaununkhiza kamodzi sindiuiwala, anandilanda tsache n'kundiika pa sikelo yoyezera mankhwala. Mphuno ya munthu wokulira m'tiyi si yamasewera ayi.

Iwowa ndi amene anandiphunzitsa kuti kwawo amagawa anthu m'mitundu isanu: wamtengo, wamoto, wadothi, wachitsulo ndi wamadzi. Wamtengo amafuna kutsogolera ndipo sachedwa kukalipa, ngati eni akewo. Wamoto ndi wa phwete ndi pakamwa posatseka. Wachitsulo ndi waudongo, wa mawu ochepa, wosunga chisoni mumtima. Wamadzi ndi wofatsa, wosaonetsa za mkati. Ine anati ndine wadothi, wodyetsa aliyense ndi kudera nkhawa aliyense. Mitunduyi imagonjetsananso: madzi amazimitsa moto, moto umasungunula chitsulo. Wodwala akalowa, a Cheni ankandinong'oneza, "Uyu ndi uti?" Pofika chaka chachitatu ndinkaphonya mwa apo ndi apo. Mpaka lero ndikakhala pa siteji ku Chitakale ndimagawa anthu mumtima, ndipo luso limeneli ndimalinyadira.

Mwana wanga ndiye sanandivute kumuyeza. Ndikaimba foni mawu ake anali omwewo: "Ndili bwino amayi. Ndalama zafika. Zikomo." Ndikafunsa za anzake, "Alipo." Ndinati uyu ndi wachitsulo weniweni, ndipo ndinkakondwa nazo. Zaka zisanu ndi zitatu zinatha choncho osabwerako, poti wopanda mapepala akatuluka sadziwa ngati adzalowanso. Ine ndinkatumiza, iye n'kumakhoza, mpaka anamaliza maphunziro a uphunzitsi.

Tsiku lina a Benati anaimba. "Achemwali, kwabwera anthu kudzafunsira mbeta. Mnyamatayo ndi Fanuwelo, amagulitsa nanazi ku Chitakale." Ananditumizira kavidiyo. Ndinaona mnyamata akuitanira makasitomala, mano onse pamtunda, manja ali m'mwamba, mpaka oyenda pamsewu kumaima kuti amvere.

"Chinkhoswe chimenecho chiime," ndinatero.

"Walakwanji?"

"Ndi wamoto ameneyo. Mwana wanga ndi wachitsulo. Amusungunula."

"Achemwali, kodi ku Joniko mwayamba kumwa?"

Komabe anachiimitsa, poti ngakhale iwo ndi eni mbumba, sangakwatitse mwana mayi wake akukana. Estere anasiya kuyankha foni zanga. Mwezi unatha, wachiwiri n'kuthanso. Apa ndiye ndinachita mantha zenizeni: mwana amene ndinamupitira ku Joni anali kundipulumuka m'manja. Ndinalongedza zikwama.

Ndinatsika ku Thuchila ndi nzeru zanga zonse. Ndinauza achimwene kuti mnyamatayo aitanidwe ndimuyeze bwinobwino monga achitira a Cheni, kumugwira pamkono ndi kumuona lilime. A Benati anaseka mpaka kutsokomola. "Apongozi kugwira mkono wa mkamwini? Kumuuza kuti atulutse lilime? Mukufuna Thuchila yense atiimbe nyimbo?" Ndinali nditaiwala kuti kwathu mkamwini akaona apongozi akubwera amapatuka n'kulowa patchire. Ndinachita manyazi ngati mlendo.

Choncho mawa lake, Fanuwelo atabweretsa nanazi kwa a Benati, ndinamuonera pampata wa mpanda. Pa iyeyu sindinaphonye, anali wamoto ndithu. Koma pabwalopo panali mawu ena omuposa. Mtsikana wina ankayesezera mayendedwe a a Benati akamachokera ku tchalitchi, mimba patsogolo, manja kumbuyo, ndipo azimayi anali atagwira nthiti. Iye mwini ankaseka mpaka kukhala pansi. Ndinayang'anitsitsa. Anali Estere, amene anali atangofika kuchokera kusukulu kumene amaphunzitsa.

Nditatulukira, phwete lonse linazima. Estere anagwada, maso pansi. "Mwayenda bwanji, amayi?" Mawu a pa foni aja. Kunena zoona, pa zonse zimene ndinakumana nazo ku Joni palibe chinandipweteka ngati chimenechi.

Masana ndinamutenga kuti tikathyole nandolo kumunda, awiriwiri.

"Iwe, unayamba liti kuseka chonchija?"

"Kalekale, amayi. Kusukulu ana amanditcha wailesi."

"Nanga pa foni bwanji?"

Anapitiriza kuthyola, osandiyang'ana. "Pa foni ndinkafupikitsa dala. Ndikanatalikitsa ndikanalira, ndipo ine ndimakudziwani, mukanasiya ntchito n'kukwera basi tsiku lomwelo. Ndiye mavuto anu onsewo akanapita pachabe."

Ndinaika lichero pansi. Mwana wa zaka khumi ndi zinayi anaganiza zimenezo yekha, n'kuzisunga mpaka kukula, popanda womuuza. Iyeyo anandiyeza ine molondola, alibe sikelo, alibe dokotala. Ine katswirine ndinali ndekha m'mudzi monse wosamudziwa mwana wanga. Amalume ake ankamudziwa, ana asukulu ankamudziwa, ngakhale wa nanazi uja. Manyazi anandigwira, koma kunyada kunaposa manyaziwo, moti ndinkafuna kuitana anthu a m'minda yoyandikana kuti adzaone mwana amene ndinabereka.

"Amalume ako ndiwauza lero lomwe kuti aitane ankhoswe," ndinatero. "Koma anthu awiri amoto m'nyumba imodzi, oyandikana nanu azigona nthawi yanji?"

Anandiyang'ana modabwa, kenako kuseka kuja kunaphulika, koyamba pamaso panga. Ndinakhala pamzere n'kumukokera pafupi.

"Tsopano undiuze zonse. Usafupikitse."

Tsiku limenelo tinabwerera kunyumba ndi nandolo wosakwana ndiwo.