Tsiku Limene Tinapita ku Falansa

Pakhoma la nyumba yathu panali kachithunzi kobayidwa ndi minga ya ndimu: mudzi wa nyumba zamiyala pamwamba pa chitunda, m'munsi mwake minda ya maluwa ngati a jakaranda. Amalume, amene ankanyamula katundu wa alendo okwera phiri ku Likhubula, anakalandira kwa mzungu wa ku Falansa. Mzunguyo anali wamtali moti mapazi ake ankagona ndi bulangete lawolawo. Ndinamuona ndi maso angawa, ngakhale ena amati ndinali ndisanabadwe.

Chiperoni cha chaka chimenecho chinazizira moti tambala wathu ankayamba waotha moto asanalire. M'nyengo yomweyo munthu wina anabwera kudzanong'oneza amayi kuseri kwa nkhokwe, ndipo amayi anasiya kuyimba posinja. Lero ndikudziwa uthengawo: mayi awo anali atamwalira ku Mozambiki, kumene nkhondo inatseka njira, ndipo maliro anaikidwa mwana wawo wamkazi palibe.

Loweruka lina amalume anati, "Achemwali, valani. Tikupita ku Falansa."

Tinakwera basi ya ku Muloza. Anyamata a chipani anationa makhadi tonse atatu, ndipo nkhuku imene tinanyamula anaiyang'ana nthawi yaitali. Titatsika tinayamba chitunda. Amayi, amene miyendo yawo inali yotupa, anathera pakati. Amalume anawabereka ndi nsalu. Amayi atakana kuti anthu aseka, amalume anangoti, "Katundu salankhula." Anayenda mwa ntchito yawo: timapazi tifupitifupi, maso pansi, popuma osakhala, kungotsamira mwala. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo kukuzizira chonchija.

Pamwamba tinapeza nyumba zadothi zisanu ndi ziwiri, mbuzi, ananazi, ndi utsi wa nkhuni zonyowa. M'munsi tiyi anayala ngati mphasa yobiriwira. Afalansa ake anatilonjera m'Chilomwe, nalandira nkhuku ija ndi manja awiri. Nditadandaula za nyumba zamiyala, amalume anati uyu ndi Falansa wakumudzi, wam'tauni ali kuseri.

Amayi sanayang'ane tiyi. Anafulatira zonse, napenya tsidya la mtsinje, ku Mozambiki, pa kaphiri kena kotuwa. Anamasula mfundo ya nsalu yawo, nathira ufa pansi pang'onopang'ono, akulankhula motsitsa mawu. Mayi wa mvano ameneyo, wosajomba kutchalitchi! Amalume anavula chipewa, nandigwira paphewa kuti ndisayandikire.

Pobwerera amayi anayimba pamsana pa amalume, ndipo amalume amalumbira mpaka lero kuti katunduyo anapepuka ndi theka.

Lolemba ndinauza aphunzitsi kuti ndapita ku Falansa, ndipo anandikwapula chifukwa cha bodza. Sizinandipweteke. Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali china: bwanji amayi, amene ankatola kanjere kalikonse kogwa pamtondo, anayenda ulendo wonsewo kukapatsa nyerere za ku Falansa ufa wathu woyera?