Kaundula Amene Anathawitsa Mwana

Ndinayamba kuphunzitsa tiana tating'ono ndisanakwanitse zaka makumi awiri, nkhondo ya kwa azungu ili mkati. Sukulu yake inali kachipinda kakuseri kwa tchalitchi chathu cha anthu a ku Nyasalande, mu lokeshoni ya Bulawayo. Amayi ochapa ndi kusita m'nyumba za azungu ankasiya ana m'mawa n'kudzawatenga dzuwa litapendeka. Ine ndinali nditangomaliza Sitandade 4, ndiye ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Dona wa ku mishoni, amene ankatiyendera Lachinayi lililonse, anandipatsa mabuku awiri ndi pensulo. Loyamba linali la dongosolo la sabata: nyimbo nthawi yakuti, kuumba dongo nthawi yakuti, kugona nthawi yakuti. Linalo linali kaundula. Mmenemo munkalowa dzina la mwana, dzina la make, nambala ya nyumba, ndipo mwana aliyense anali ndi tsamba lake lolembapo zimene wachita.

La dongosolo ndinalikonda koopsa. Ndinajambula mizere ndi rula, zilembo zili ndondondo. Koma wotchi tinalibe, ndinkayendera kulira kwa huta ya kunjanji, lipenga loitanira antchito, ndipo ana analibe nayo ntchito hutayo. Nthawi ya nyimbo wina wadzikodzera, nthawi yogona onse akufuna nyimbo. Ndinkapsa mtima mpaka kuyankhula ndekha. Pofika sabata yachitatu ndinaphunzira kulemba mosadinikiza pensulo kuti ndisamavutike pofufuta.

Kaundula ndiye anandionetsa zakuda.

Panali kamtsikana ka zaka zitatu kamene kanali katangobwera ndi mayi ake kuchokera ku Dedza. Sikankayankhula. Kankangokhala pakona, chala kukamwa, n'kumationerera. Mayi akewo anali aatali, osachedwa kuseka. Tsiku lina m'mawa ndinawaimitsa pakhomo, buku m'manja, pensulo kukhutu ngati kalaliki wa ku ofesi ya zitupa.

"Mayi, dzina lanu ndani? Nanga nyumba yanu ndi nambala chani?"

Nkhope yawo inagwa. Dzina anatchula monong'ona, nambala sananene. Mawa lake mwana sanabwere, ndipo sabata inatha osaoneka.

Ananditsegula m'maso ndi amayi anga ondibala. "Iwe, nzeru zako zinathera m'mabuku? Mayi uja analowa m'tauni muno wopanda chitupa, mwamuna wake ali kumigodi. Ukamulemba dzina, iye akuona apolisi, akuona sitima yomubweza kwawo. Pano akapita kuntchito, mwana akumutsekera m'nyumba tsiku lonse."

Manyazi anandigwira, ndipo ndinadzida. Ine ndinabadwira momwemo, dzina langa linali m'mabuku chiyambire ubatizo ndipo silinandipwetekepo. Koma kamwana kaja kanali kokha kuseri kwa chitseko chifukwa cha pensulo yanga.

Lamulungu masana ndinanyamuka ndi kaundula yemweyo. Amayi anati ndimusiye, koma mutu wangawu ndi wouma kuyambira kale. Nditaodira, mayi aja anatsegula pang'ono, ndipo ataona buku anafuna kutsekanso.

"Pepani mayi, ndinalakwa ndine. Taonani."

Ndinafufuta dzina lawo iwo akuona, mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka.

"La mwana ndifufutanso mukafuna. Koma mundilole ndikuwerengereni kaye zimene ndinalemba za iye."

Kuwerenga sankadziwa, choncho sankadziwanso kuti m'bukumo muli chiyani. Anandipatsa chitini cha palafini kuti ndikhalepo, ine n'kuyamba.

"Lolemba: wakana phala, wagona chokhala. Lachitatu: waumba ng'ombe ya miyendo itatu, wakana kuti ndiikepo wachinayi. Lachisanu: mnzake wagwa pakhomo, iye wamupukuta misozi ndi diresi lake. Lachiwiri: wayankhula."

"Wayankhula?" Anandigwira dzanja. "Wati chiyani?"

"Anaitana mnzake wa Chindebele kuti, 'Woza lapha!' Ndiye kuti bwera kuno. Mokweza ndithu, mpaka ine ndinadzidzimuka."

Anaseka, misozi ikutsika. "Aa, mwana wa Achewa kuyambira Chindebele! Aphunzitsi, chibwerere kuno sanatulutse liwu pamaso panga. Ndimati ulendo wapansi uja unamuwononga." Anatembenukira kamwanako, kamene kanali katagwira chitenje chawo kumbuyo. "Kani iwe uli ndi pakamwa?"

Anandiuza kuti ndiwerengenso, ndipo ndinawerenga katatu. Za ng'ombe ija anaseka ulendo uliwonse.

Tinapangana kuti dzina lawo lisalowemo, la mwana likhale. Mpata uja unakhala wopanda kanthu. Dona atafunsa ndinati ndaiwala, ndipo ndinapitiriza kuiwala Lachinayi lililonse. Mulungu andikhululukire, koma sindinadandaulepo nalo bodza limenelo.

Lolemba m'mawa, huta isanalire, ndinawaona akubwera, mwana kumsana, mtolo wa zochapa pamutu. Anamutsitsa pakhomo, kamwana n'kuthamangira kwa anzake osacheuka. Iwo anaima pang'ono, maso ali pa buku limene linali m'khwapa mwanga.

"Aphunzitsi, musaphonye kanthu, ngakhale kakang'ono," anatero. "Ine ndimaswera kusita malaya a ana a eni ake, wangayu akukula ine kulibe. Madzulo mudzandiwerengera."